Nyuzi zathu zimadikira maliro

Amangwetu, mvula ikamayandikira m'nyuzipepala mumadzaza nkhani za fetereza wotsika mtengo ndi mikangano ya zipani. Nkhani yoti mtsinje wakutiwakuti ukhoza kusefukira, kapena kuti phiri lakuti layamba ming'alu, muchita kuifuna ndi nyali. Koma anthu angofa, muone! Tsamba loyamba lonse zithunzi za maliro, mawa lake nduna itavala majombo ikupatsa gogo thumba la ufa. Pakatha sabata ziwiri, zii. Nyuzi ija mwayamba kukulungira usipa.

Tiyambe ndi za kutali. Pa 17 January 2002 phiri la Nyiragongo ku Congo linaphulika, chiphalaphala cha moto n'kudutsa pakati penipeni pa mzinda wa Goma mpaka kukathira m'nyanja ya Kivu. Masitolo, nyumba ndi mbali ina ya bwalo la ndege zinakwiririka. Anthu oposa 100 anafa, ena zikwizikwi n'kuthawira ku Gisenyi m'dziko la Rwanda. Ambiri mwa iwo anali a geni ngati inu nomwe, mpamba wonse unapsa tsiku limodzi.

Phiri lomwelo linaphulikanso pa 22 May 2021. Nkhani yeniyeni inali itachitika kale moto usanabuke: ofesi ya akatswiri oyang'anira phirilo ku Goma inali pa mavuto a ndalama kuchokera pamene World Bank inasiya kuithandiza mu 2020. Mlonda analibe tochi. Nkhani ngati imeneyi ndi imene imapulumutsa anthu ikalembedwa nthawi ikadalipo, koma siigulitsa nyuzi ngati chithunzi cha moto.

Nkhani zotere kwathu kuno zimaponyedwa pa tsamba la zakunja, pakona, ngati sizitikhudza. Chonsecho Goma ndi ife tili mu mng'alu umodzi. Chigwa chachikulu chija akuti Rift Valley, momwe nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, chimadutsa ku Kivu, ku Tanganyika, n'kudzafika pa nyanja ya Malawi. Inu amene mumaoloka Songwe kukapikula katundu ku Mbeya, pa Tukuyu paja mumadutsa m'tsinde mwa phiri la Rungwe. Limenelo ndi phiri la moto logona, ndipo linzake la pafupi, Kyejo, linalavula chiphalaphala cha m'ma 1800. Sindikuti muleke ulendo, ayi. Ndikuti mng'alu womwewo ndi umene unagwedeza Salima mu March 1989 ndi Karonga mu December 2009, nyumba zikwizikwi n'kugwa kapena kung'aluka. Ndi kangati mwawerenga m'Chichewa kufotokoza kwa zimenezi, kapena malangizo a kamangidwe ka nyumba yosagwa msanga ndi chivomerezi?

Koma mdani wathu wamkulu ndi madzi. Akuluakulu a ku Zomba sanaiwale napolo wa mu December 1946. Mu March 1991 phiri la Michesi linatsitsa matope ndi miyala pa Phalombe, anthu mazanamazana n'kufa. Nthawi imeneyo tinali m'chipani chimodzi, nkhani zinkayamba zasefedwa zisanatuluke, ndiye olemba anali ndi pothawira. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ufulu wolemba unabwera ndi referendamu ya 1993. Nanga lero chowiringula n'chiyani?

Taonani za namondwe wa Freddy mu March 2023. A zanyengo anachenjeza kudakali masiku. Koma munthu wa ku Chilobwe ndi ku Manja, m'tsinde mwa phiri la Soche, ankafunika kumva zoposa mawu akuti "kugwa mvula yamphamvu m'chigawo cha kummwera". Ankafunika kuuzidwa kuti iyeyo ndiye ali panjira ya matope, athawire kusukulu iti, ndipo anyamuke liti. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno, oposa 600,000 anasowa pokhala. Zithunzi zinatuluka zambirimbiri. Koma kuti anthu akumanga m'mapiri osadulidwa mitengo okha ayi, ometedwa mpala, zinkaoneka ndi maso kwa zaka.

Napolo si chinsinsi. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothi la paphiri limakhuta madzi, limalemera, kenaka limatsetsereka pamwamba pa thanthwe litanyamula miyala ndi zitsa. Nthawi zambiri limapereka zizindikiro: ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo ndi mapolo kupendekeka, madzi a mumtsinje kuda mwadzidzidzi kapena kuphwa mvula ikugwabe, ndi mkokomo wochokera kumtunda. Mizere inayi yokha imeneyi, itasindikizidwa pa tsamba loyamba mwezi wa November uliwonse, ingapose zithunzi khumi za nduna. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsono kwa akonzi a nyuzi ndili ndi zopempha zitatu. Choyamba, chenjezo lilembedwe m'chinenero cha anthu, lotchula malo ndi mayina ake, osati Chingerezi cha mamilimita chimene ngakhale mphunzitsi amayamba wakanda mutu. Chachiwiri, tsatirani thandizo. Mukalemba kuti kwabwera matumba akutiakuti, pitaninso patatha miyezi itatu mukafunse amene analandira. Chachitatu, muziwerenganso chimene wa geni wataya. Mlatho ukaduka, tomato amaolera pa lole. Pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ndi ogulitsa mafirizesi, ometa ndi owotcherera amene anagona ndi njala, pomwe ngongole ya banki mkhonde siidikira.

Ndipo inu amayi ndi abambo a pamsika, ndalama yogulira nyuzi ndi yanu. Mtolankhani akabwera ndi kamera madzi atalowa kale m'mabenchi, m'funseni kuti anali kuti pamene ngalande inkatsekeka ndi zinyalala. M'tengereni pa ngalandepo lero, kudakali dzuwa, ajambule. Makomiti a msika lembani makalata kwa mkonzi, tchulani ngalande, mlatho ndi khoma limene likukudetsani nkhawa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.