Kalata kwa mphwanga amene akuphunzitsa biochemistry ku Britain

Mphwanga,

Kuno tonse tili bwino, kungoti amayi ako bondo lija silinasiye kuwavuta. Andionetsa kabuku ka dipatimenti yanu kamene unawatumizira, kokhala ndi mayina a aphunzitsi ndi zimene aliyense akufufuza. Wina ndi wa khansa, wina wa kukalamba kwa maselo, wina wa yisiti. Pansi pa dzina lako palembedwa kuti ukufufuza mapuloteni a pa khungu la selo, amene ntchito yawo ndi kulowetsa ndi kutulutsa zinthu. Ndayang'anayang'ana dzina la PfCRT, koma palibe. Chikhalirecho pa mapuloteni onse a mtundu umenewo, palibe ina imene yalowerera m'moyo wa anthu a kwanu kuno kuposa imeneyi.

Za m'mabuku ukuzidziwa kuposa ine, choncho ndingokuuza zimene ife a mu labu tinkaona ndi maso. Kachirombo ka malungo kakalowa m'selo yofiira ya magazi kamadya haemoglobin, n'kumaigayira m'kathumba kake ka asidi. Chotsala pa chakudyacho ndi haem, ndipo haem ndi poizoni kwa kachiromboko. Kuti kasafe nayo, kamaiumitsa kukhala timiyala ta haemozoin. Ukapaka dontho la magazi pa galasi, kuliumitsa, kuliviika mu Field's stain n'kuliika pa maikulosikopu, timiyalato umationa: timadontho toderako, nthawi zina takuda bii. Ukaona kuti ngakhale maselo oyera ameza timadontho timeneti, sunkadikira kuti magalasi ena athe. Unkanyamuka n'kukauza a m'wodi kuti mwanayu amuyang'anitsitse. Chloroquine amadzazana m'kathumba komweko, n'kugwira haem kuti isaume, ndipo kachirombo kamafa ndi zinyalala zake zomwe.

Mankhwalawa anatumikira anthu kwa zaka zambiri. Ankapezeka ndi m'magolosale omwe, anali otchipa, owawa kwadzaoneni, ndipo ambiri ankati akamwa thupi lonse linkayabwa usiku wonse. Koma m'zaka za m'ma 1980 amayi anayamba kubwerera kuchipatala ndi ana omwe aja, thupi likadali moto, galasi lodzaza tizirombo ngati mwana sanalawe mankhwala. Amayiwo anadzudzulidwa kwambiri nthawi imeneyo, ati sanamalize mankhwala, ati mwana analavula iwo osanena. Ambiri mwa iwo sanalakwe kanthu. M'chaka cha 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, imene aliyense ankangoiti Fansidar.

Chimene chinasintha m'kachiromboko chinadziwika m'chaka cha 2000, pamene David Fidock, Thomas Wellems ndi anzawo a ku National Institutes of Health ku America anapeza jini ya pfcrt. Puloteni yake ili ndi ma amino acid 424 ndipo imakhala pa khoma la kathumba kogayira kaja. Pa malo a nambala 76, pamene pamayenera kukhala lysine, tizirombo tosamva mankhwala tili ndi threonine. Lysine ali ndi mphamvu ya magetsi yofanana ndi ya chloroquine wa m'kathumbamo, ndiye ziwirizi zimakankhana ndipo mankhwala satuluka. Kumuchotsa pamenepo kuli ngati kuchotsa mlonda pa geti: mankhwala amangodutsa, haem n'kupitiriza kuuma bwinobwino. Pali kusintha kwina m'malo ena a puloteniyo kumene kumathandizira, koma mwini nkhani ndi 76.

Zimene zinachitika pambuyo pake ndi zimene zandilembetsa kalatayi. Magazi a ana amene anatengedwa ku Blantyre anali atasungidwa chaka ndi chaka, ndipo ofufuza anabwerera kukawayeza. Mu 1992, pa odwala 100 aliwonse 85 anali ndi tizirombo ta threonine. Pofika 2000 anali 13 okha. Mu 2001 sanapezenso ndi mmodzi yemwe. Kenaka mu 2005 anayesa mankhwala enieniwo pa ana 210 a malungo ku Ndirande, ena kuwapatsa chloroquine, ena Fansidar. Zotsatira zinatuluka mu 2006 mu New England Journal of Medicine: chloroquine anachiza 99 pa 100, Fansidar 21 yokha. Mankhwala amene tinawataya ngati opanda ntchito anali atabwerera mwakale m'zaka 12, pamene olowa m'malo mwake anali atatheratu mphamvu.

Tizirombo tija sitinasinthenso kubwerera mmene tinalili. Tomva mankhwala tinalipo tochepa totsala, ndipo chloroquine atachoka tinachulukana kuposa tinzake. Ndiye kuti threonine uja ali ndi mtengo wake: amapulumutsa kachirombo mankhwala akakhalapo, koma amakalemetsa mankhwala akachoka. Ofufuzawo anachenjeza kuti tisathamangire kubwezeretsa chloroquine payekha pomwe m'maiko oyandikana nafe tizirombo tosamva tinali tikadalipo, ndipo ndikuona kuti ananena zoona. Udzudzu sudinditsa pasipoti pa Mwami kapena pa Zobwe.

Ntchito imeneyi inatsogoleredwa ndi gulu la Christopher Plowe la ku University of Maryland mogwirizana ndi Blantyre Malaria Project ya Terrie Taylor. Pa pepala la 2006 lija, limene dzina loyamba ndi la Miriam Laufer, palinso mayina a kuno, Rhoda Masonga ndi Fraction Dzinjalamala. Sindikuwerengera aliyense mlandu, anagwira ntchito yabwino ndipo ana athu anapindula. Koma ona mmene ntchito inagawikira. Odwala, anamwino ndi magalasi zinali kuno. Jini inapezeka ku America. Maonekedwe enieni a puloteniyo, ndi zigawo zake 10 zopyoza khoma, anajambulidwa mu 2019 ku Columbia University ku New York. Mbali ya molekyulu, imene ndi mbali yako, nthawi zambiri imachitikira kutali ndi kumene kuli matenda.

Tsopano nkhani yomweyi yayambanso ndi dzina lina. Kuyambira 2007 mankhwala athu oyamba ndi LA, artemether wophatikiza ndi lumefantrine. Mu 2014 ofufuza a ku Cambodia anasonyeza kuti kusintha kwa jini ya kelch13 kumachititsa kuti mankhwala a mtundu wa artemisinin, monga artemether, achedwe kupha tizirombo. Tinkayesa za ku Asia. Mu 2020 kusintha kwa R561H kunalengezedwa ku Rwanda, mu 2021 mitundu ina inapezeka kumpoto kwa Uganda, ndipo R561H yemweyo wapezekanso ku Kagera m'dziko la Tanzania. Umadziwa wekha kuchuluka kwa anthu amene amawoloka Songwe tsiku lililonse. LA akugwirabe ntchito, chifukwa lumefantrine amatsiriza zimene mnzake wasiya. Koma PfCRT ndi mnzake PfMDR1 ali m'gulu la mapuloteni amene amakhudza mphamvu ya lumefantrine, ndipo tizirombo ta lysine, tomwe tija tinatisangalatsa pobwerera, ndi timene timalimba pang'ono kwa lumefantrine. Funso limeneli ndi la munthu wodziwa mapuloteni onyamula zinthu pa khungu la selo. Malinga ndi kabuku kanu, munthu ameneyo ndi iwe.

Mwina ukuona ngati mndandanda wa m'kabukuko ndi mwambo chabe wa ku ofesi. Ayi. Mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza digiri ku Zomba, ku MUST kapena ku KUHeS, akamafuna womuyang'anira pa PhD, amawerenga mizere imeneyi. Akapeza dzina lachimalawi koma pansi pake palibe chokhudza matenda a kwawo, amapitirira. Opereka ndalama za kafukufuku nawonso amawerenga pomwepo. Zimene aphunzitsi a dipatimenti alemba kuti akufufuza ndi zimene ophunzira awo adzafufuze zaka 20 zikubwerazi.

Sindikunena kuti ulongedze katundu ubwere. Ndikudziwa chimene chimathamangitsa anthu ngati iwe: magetsi kuzima firiji ili yodzaza ndi magazi a zaka zambiri, jenereta kusowa dizilo, mankhwala a mu labu kuchedwa miyezi chifukwa ndalama zakunja zasowa, makina kuima chifukwa wokonza ayenera kuchokera ku Johannesburg. Amene amanyoza anthu okhala kunja ambiri sanayambe adikirapo botolo limodzi kuti ntchito iyambe. Komanso kuno sikuli kopanda kanthu monga unakusiyira. College of Medicine, imene inatsegulidwa mu 1991, ili m'KUHeS kuyambira 2021, ndipo pa Gulupu pali Malawi-Liverpool-Wellcome Programme imene ili ndi ma labu ndi achinyamata odziwa PCR ndi kuwerenga DNA. Chimene ambiri a iwo akusowa ndi munthu wowatengera patsogolo, kuchoka pa kuwerenga kuti kusintha kwakuti kulipo pa odwala angati kufika pa kufunsa chimene kusinthako kukuchita m'puloteni.

Pempho langa ndi laling'ono. Kabukuko akamakakonzanso, uwonjezere mzere wa mapuloteni a kachirombo ka malungo, ndipo ukhale mzere woti ukuugwiriradi ntchito. Ulembere aphunzitsi anzako a ku Blantyre, mugawane wophunzira mmodzi, azikhala miyezi ina kwa iwe, ina kuno, ndipo mbali ya ntchito imene ingatheke kuno ichitikire kuno. Ukabwera pa tchuthi, usathere masiku onse kunyanja ndi ku maukwati: upatule tsiku limodzi ukaphunzitse kalasi.

Undiyankhe polemba, chifukwa pa foni timangofunsana za mvula. Upereke moni kwa bambo a kunyumba ndi ana.

Ndatha ine,
Malume ako