NTHABWALA IRI NDI MWINI WACE

Masiku ano kwamveka mau, makamaka pakati pa anzathu ophunzira ndi akulu ena a mipingo, akuti nthabwala za pamaliro ndi za pabwalo zileke cifukwa nzacikunja ndiponso nzosowa ulemu. Iwo ati nkosayenera kuti anthu aziseka mtembo uli m'nyumba, kapena kuti munthu wamba afunse nyakwawa funso loseketsa alendo ali pomwepo. Ine sindibvomereza. Ndiyesa kuti abale athuwa amva phwete lokha, koma mau amene abisala m'kati mwa phwetelo sawamva.

Poyamba tikumbukire kuti kwathu kuno, kuyambira ku Sinda ndi ku Katete kufikira ku Vubwi, munthu saseka ndi aliyense. Mkamwini saseka ndi apongozi ace. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kuchire. Mwana salankhula zopanda pace kwa atate ace kapena kwa atsibweni ace. Koma mwambo womwewo umene unatseka makomo awa unasiya ena otsegula. Agogo amachula mdzukulu wao kuti "mkazi wanga," ndipo mdzukuluyo ali nao ufulu wowaseka za mano ao amene anatha. Asuweni amanyozana dzuwa lonse osapsa mtima. Alamu ncimodzimodzi. Makolo athu anadziwa kuti m'mudzi muli mau ena oyenera kunenedwa, amene munthu woopedwa sangawanene popanda kuswa mudzi, cotero anawasungitsa kwa anthu amene saopedwa.

Tatiyeni titenge mkamwini waulesi, pakuti mudzi uliwonse uli naye wace. Mvula yagwa, anzace abzala, iye akali pansi pa mtengo kusewera nsolo. Apongozi ace aona, mtima uwawa, koma pakamwa mpomanga. Tsono afika mlamu wace nafunsa anthu onse akumva: "Alamu, khasu lanu lija lidwala ciani? Ndaliona ligone pakhonde sabata yathunthu. Kodi tilibereke kunka nalo ku St Francis?" Uja ayankha kuti khasu lace ndi lophunzira, silituruka popanda kalata ya boma. Onse aseka, iyenso aseka. Koma m'mawa mwace mudzapeza munthu ali m'munda mame asanaume. Mau omwewo akadaturuka m'kamwa mwa apongozi, bwenzi madzulo ace ankhoswe ataitanidwa, mwamuna akupinda mphasa yace.

Luso limeneli ana amaliphunzira akali ang'ono, madzulo pamoto, zokolola zitalowa m'nkhokwe. Wina ati "Cilape!" anzace ati "Nacize!" Iye afunsa za nyumba yopanda khomo, wocenjera ayankha kuti ndi dzira. Akalephera onse, amambaira ng'ombe wofunsayo kuti aulule, ndipo mwana amene kwao kulibe ngakhale nkhuku amapereka ng'ombe yonenepa ya pakamwa osadandaula. Pamenepo mwana aphunzira kuti funso likhoza kunena cina likutanthauza cina, ndi kuti kulephera kuyankha pagulu si imfa ai.

Nanga cimacitika nciani pamene mau asowa khomo loturukira? Mzungu wina wofufuza za miyambo, Max Marwick, anakhala pakati pa Acewa a m'dziko la Mfumu Kawaza maulendo awiri pakati pa 1946 ndi 1953, ndipo mu 1965 anaturutsa buku lonena za ufiti pakati pathu. Cimene anapeza ncakuti anthu onenerana ufiti kawirikawiri sanali alendo, koma abale a bele limodzi. Akulu a nthawi imeneyo anamfotokozera cifukwa cace. Anthu osakhala pacibale akayambana amanka kubwalo, mlandu nkutha. Koma abale amasunga mau m'mimba, kuopa kuoneka ngati opasula mudzi, kufikira tsiku limene mwana adwala, ndiye mau aja aturuka atasanduka dzina la mfiti. Lamulo la dziko liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, komabe timamva za nkhalamba zothamangitsidwa m'midzi yao. Sindinena kuti nthabwala ndiyo mankhwala a zonsezi. Koma mudzi umene msuweni akhoza kufunsa poyera kuti, "Kodi ng'ombe za malemu zija zinamera mapiko?" uli pabwino kuposa mudzi umene onse akhala duu, uku akuyang'anana m'mbali.

Pamaliro ndipo pamene mwambowu uoneka bwino koposa. Anamfedwa sakumba manda a mbale wao. Nchito yosambitsa mtembo, yokumba ndi yonyamula ndi ya adzukulu, anthu a banja lina amene inunso mudzawakumbira tsiku lao likadza. Kaamba ka nchito yowawayo, mwambo unawamasula pakamwa. Amagwira nkhuku iriyonse osapempha. Amatsanzira kayendedwe ka malemu, kakhosomoledwe kace, ndi mmene anali kukanira ngongole. Ndipo pakati pa zimenezo amaponya funso limene palibe wina angalimbe mtima kulifunsa. Ponyamula bokosi wina ati, "Ha! Mkuluyu apepuka bwanji ngati mtolo wa mapesi! Kodi pano nsima munali kuphikira agalu okha?" Anthu aseka misozi iri m'masaya, koma ana a malemu, amene anakhala ku Lusaka zaka zisanu osatumiza ngakhale thumba la ufa, amva bwino lomwe. Mlaliki sangathe kunena zotere pa guwa. Nyakwawa ikanena, mau asanduka mlandu. Ndipo mai wamasiye amene wakana cakudya masiku awiri, kawirikawiri amene amamgonjetsa kuti amwe phala ndi mdzukulu wopanda manyazi uja, pomuuza kuti akapitiriza kuonda sadzapeza womlowa m'nyumba. Amene afuna kuletsa zimenezi ayambe watiuza amene adzagwira nchitoyo m'malo mwace.

Cimbuya cimene tidziwa tonse, ca ife a Kum'mawa ndi Abemba, cinamera pa muzu womwewo. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana, ndipo m'zaka za pambuyo pace anamenyana ndi Abemba a Chitimukulu kumpoto, Mpezeni asanadze kudzakhala m'dziko la Chipata. Zidzukulu za ankhondo aja zinakakumana ku migodi. Kumeneko munthu wa ku Fort Jameson akamwalira, mudzi wace uli kutali ulendo wa masiku ambiri. Nanga omkumbira acokera kuti? Amene anagwira fosholo anali adani akale aja. J. Clyde Mitchell, amene mu 1956 analemba za gule wa Kalela ku Luanshya, anaona kuti mitundu imene inamenyana kale ndiyo inali kusekana ndi kuthandizana maliro m'makomboni. Pang'ono ndi pang'ono ife Acewa ndi Ansenga tinalowetsedwa m'khola lomwelo, ngakhale nkhondo ija siinali yathu. Kwa Mbemba, yense wocokera kutsidya lino la Luangwa ndi wodya mbewa basi. Ifenso sitisowa cowabwezera, pakuti za anyani a kwao tizidziwa. Alozi ndi Atonga nao ali naco cao. Koma taonani kumene cimbuya cimagwira nchito yace yeniyeni: akupakani ufa kumaso pamaliro, akulipiritsani cifukwa mwabvala nsapato zabwino, ndipo ndalama za m'mbalemo zikagula nkhuni ndi ndiwo za olira.

Ngakhale ku Mkaika, kumene ulemu ndi waukulu koposa, nthabwala iri ndi malo ace. Loweruka lotsiriza la August mafumu a Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amadza kudzalamba Kalonga Gawa Undi ndi kufotokoza mmene maiko ao akhalira. Mwambo wa Kulamba unaletsedwa ndi boma la atsamunda mu 1934, ndipo unauka mu 1984 m'nthawi ya Kalonga Gawa Undi Chivunga. Pabwalo lomwelo pamaturuka zilombo za Gule Wamkulu, zimene zimafotokoza za dziko mwa njira yao. Simoni wa nkhope yofiira anaseka mzungu m'masiku amene munthu sakanayesa kumyankha bwana wa pa boma. Zilombo zina ziseka woledzera, zina wadama, zina wonyada. Pamene bungwe la UNESCO mu 2005 linawerengera gule ameneyu pakati pa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, silinaone pfumbi ndi ng'oma zokha.

Wailesi nayonso inatengera khalidweli. Acikulire akumbukira a Julius Chongo ndi nthano zao za Poceza M'madzulo pa Radio Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, mmene anali kukuseketsani uku akukudzudzulani. Pa Breeze FM ya ku Chipata, imene inayambidwa ndi a Mike Daka, mkulu woyankha makalata a omvera anadzicha Gogo Breeze, ndipo omvera onse anawacha adzukulu ace. Harri Englund analemba buku lathunthu lonena za iye mu 2018. Dzina la ugogolo ndilo linampatsa ufulu woseka munthu ndi kumdzudzula pa mphepo. Koma sanalekere pa dzina. Dandaulo likafika, anali kunyamuka kunka kumudzi kapena ku ofesi kukafunsa eni nkhani. Anthu analola kuti awaseke cifukwa anamuona akuwayendera.

Tsono apa ndipo odandaula aja ali ndi mfundo yao, ngakhale aiika pa malo olakwika. Nthabwala zonse zimene ndachulazi ziri ndi mwini wace, ndipo mwiniyo ali ndi ngongole kwa munthu amene amseka. Mlamu amene wakuseka za khasu ndiye adzakubwereka mbeu. Mdzukulu amene wagwira nkhuku yako ndiye walowa m'dzenje. Cimene caipa masiku ano ncakuti ambiri afuna ufulu wa pakamwa, koma fosholo aikana.

Wandale aima pa nsanja, anyoza mtundu wathunthu wa anthu kuti apeze mavoti, ndipo akafunsidwa ati, "Cinali cimbuya cabe." Iai, bambo. Cimbuya cimanenedwa pamaso pa mbuya wako, iye ali ndi mpata wakubwezera, nonse nkuseka. Kunyoza anthu amene palibe, pamaso pa khamu lokuombera m'manja, ndi cinthu cina, ndipo ndime 70 ya buku la malamulo lochedwa Penal Code iri ndi cilango ca ndende kwa wonyoza anthu cifukwa ca mtundu wao kapena kumene acokera. Comweconso anyamata ena amene adzicha adzukulu, koma sanakumbeko ngakhale mkono umodzi, atsekereza bokosi panjira kuti alipidwe ndalama ya mowa pamene wamasiye alibe ngakhale mcere. Amenewo nyakwawa iwabweze, ndipo isaope kuti yaphwanya mwambo.

Coopsa cina ndi uphungu woseka umene wasokera kucoka kwa mwini wace. Pamene matenda a Covid-19 anafika m'dziko lino mu March 2020, kunamveka mau akuti womwa kacasu sadwala, cifukwa kacirombo kamapsa pakhosi. Pakati pa asuweni awiri odziwana, mau otere ndi njira youza mnzako kuti wanyanya botolo, ndipo onse awiri adziwa. Koma mau aja atayenda m'mabasi ndi m'misika, nkhope ya wonenayo yosaoneka, ena anawalandira monga malangizo, kufikira bungwe la za umoyo la WHO linacita kulengeza kuti kumwa mowa sikuteteza munthu ku matendawo. Nthabwala ya mankhwala, ya mbeu kapena ya mlingo wa mankhwala opopera thonje, isamaturuke pabwalo pamene anthu adziwa kuti wonenayo ndani. Ndipo ngati pali mwana kapena mlendo amene akucita ngati wakhulupirira, wosekayo ali ndi udindo womasulira asanabalalike.

Kwa anzanga a nchito za boma, alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi makhansala, ndiri ndi pempho. M'misonkhano ya kumidzi timatha kulankhula maola awiri, ndipo pomaliza tikafunsa ngati pali funso, bwalo lonse liri zii. Timalemba m'buku kuti anthu amvetsa ndipo akondwa. Kenaka, mipando ikunyamulidwa, mkulu wina wa cipewa cong'ambika, amene ndi msuweni wa nyakwawa, akweza dzanja nati, "Bwana, feteleza uja akafika mu February, kodi tithire pa cimanga kapena tisunge tidzathire m'ndiwo?" Anthu afa nalo phwete, ifenso tiseka, tikwera galimoto. Mkuluyo sanali kusewera. Iye ndiye anatumidwa ndi mudzi wonse, cifukwa nyakwawa siikanatha kucititsa mlendo manyazi. Mlembi alembe funso limenelo pa tsamba la madandaulo, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la mudzi, ndipo pa msonkhano wotsatira tiyambe ndi kumyankha mkulu wa cipewa uja tisanatsegule nkhani zathu.