Nyenyezi yoponya sinali chida cha ninja weniweni

Pali nkhani imene yafala kwambiri moti anthu ambiri anasiya kuikayikira. Imati ninja wakale wa ku Japan ankayenda usiku atavala zakuda, m'malaya atabisa tizitsulo tosongoka tooneka ngati nyenyezi, ndipo akaponya kamodzi kokha mlonda ankagwa n'kuferatu osalira n'komwe. Nkhaniyi ili m'mabuku a zithunzi, m'masewera a pakompyuta, ndipo aliyense amene anaonerapo American Ninja m'nyumba zoonetsera vidiyo amailumbirira ngati anaiona ikuchitika. Ife tikuti mbali zake zikuluzikulu n'zabodza. Kutsutsa galu n'kukumba, choncho tiyeni tikumbe.

Chidacho chilipo, sitikukana. Dzina lake ndi shuriken, ndipo chili m'mitundu iwiri. Mtundu umene unkaphunzitsidwa kwambiri sunali nyenyezi konse. Unali kachitsulo kowongoka kosongoka kunsonga, kofanana ndi msomali wa mainchesi sikisi, kotchedwa bo-shuriken. Mtundu winawo, wophwatalala wa nsonga zingapo, ndiwo umene mafilimu anaukonda. Nanga ankaphunzira kuponya tizitsuloti ndani? Asamurai, m'masukulu odziwika ophunzitsa nkhondo. Katori Shinto-ryu, sukulu ya lupanga imene inayamba m'zaka za m'ma 1400, ili ndi phunziro la shuriken. Negishi-ryu ndi Shirai-ryu, za m'zaka za m'ma 1800, zinatchuka ndi luso lomweli. Ngakhale Tokugawa Yoshinobu, shogun womaliza amene anatula pansi udindo mu 1867, ankadziwika kuti ankaponya bwino shuriken. Luso limene wolamulira dziko lonse ankaliphunzira silingatchedwe chinsinsi cha anthu a mumdima.

Ntchito ya chidachi inalinso yochepa kusiyana ndi imene anthu amaganiza. Nsonga za nyenyezi n'zazifupi, sizilowa kwambiri m'thupi, ndipo zovala zankhondo zikhoza kuziletsa. Woponya ankaloza kumaso, kudzanja logwira lupanga kapena kuphazi, ali pafupi ndi mdaniyo. Cholinga chinali choti mdani aphethire, adzandire kapena ataye lupanga, kuti woponyayo apeze mpata wosolola lake kapena wothawa. Chida chachikulu chinali lupanga ndithu.

Umboni waukulu uli m'mabuku amene akatswiri a ntchito ya ninja analemba okha, ndipo tikupempha owerenga aime pamenepa pang'ono. Bansenshukai, buku lalikulu la mu 1676 losonkhanitsa nzeru za ninja a ku Iga ndi ku Koga, limafotokoza mwatsatanetsatane za makwerero, zida zotsegulira maloko, zowolokera madzi, miuni ndi onga. Phunziro la kaponyedwe ka nyenyezi simulipezamo. Shoninki, lolembedwa mu 1681, limatchula zinthu zisanu ndi chimodzi zimene mzondi ayenera kunyamula paulendo: chipewa cholukidwa chobisa nkhope, chingwe chokhala ndi mbedza, cholembera cha mwala, mankhwala, kansalu, ndi kachipangizo kosungiramo moto. Onani bwino katundu ameneyu. Ndi katundu wa munthu amene akupita kukaona, kukalemba zimene waona, kugona kunja ngati patafunika kutero, n'kubwerera. Buku lomweli limalangiza mzondi kuti adzisandutse wansembe, wamalonda, wamasewera a m'misewu kapena munthu wamba, ndipo limatenga nthawi yaitali kuphunzitsa mmene ungachezere ndi munthu mpaka aulule zimene akudziwa iye osazindikira.

Tsono ganizirani za misewu ya nthawi ya Edo, nthawi imene mabukuwa analembedwa. Boma linaika malo ofufuzira apaulendo, monga a ku Hakone pamsewu wa Tokaido. Munthu amene akudzitcha wamalonda atapezeka ndi tizitsulo tosulidwa mwapadera toponyera anthu, ulendo wake ukanathera pomwepo. Mzondi amapulumuka chifukwa chofanana ndi wina aliyense, ndipo akamenya nkhondo ndiye kuti ntchito yaonongeka kale, pakuti mbuye wake akudikira uthenga. Yamada Yuji wa ku Mie University, yunivesite imene inatsegula malo ofufuzira za ninja ku Iga mu 2017, wakhala akunena zomwezi: ntchito yaikulu ya ninja inali kutola nkhani n'kubwerera nazo ali wamoyo.

Ena atiuza kuti ninja anali anthu achinsinsi, choncho sakanalemba zonse. Koma anthu amene analemba kapangidwe ka zophulika ndi kathyoledwe ka nyumba akanabisiranji kachitsulo kamene asamurai ankaphunzitsana m'masukulu? Enanso atchula timiyala tophwatalala ta m'mbali mwakuthwa timene tinafukulidwa ku Saitama, timene katswiri wina wa zofukula zakale akuganiza kuti tinkaponyedwa pankhondo ya mu 1590. Ganizo limenelo ndi loyenera kulimvetsera. Komabe ndi miyala imeneyo, ndipo siikutsimikiza kuti panali gulu la anthu ovala zakuda lopha ndi nyenyezi zachitsulo. N'zotheka kuti ninja wina amene anaphunzirako kusukulu ya lupanga anaponyapo shuriken. Kunena kuti chinali chida chawo chodziwikira ndi nkhani ina, ndipo ilibe umboni.

Ukwati wa ninja ndi nyenyezi unamangidwa m'zaka za m'ma 1900. Fujita Seiko, amene ankadzitcha mtsogoleri wa 14 wa Koga-ryu, anatulutsa buku la ninjutsu, luso la ninja, mu 1936 ndi lina la shuriken mu 1964. Mu 1962 filimu ya Shinobi no Mono, imene Ichikawa Raizo anasewera, inaonetsa ninja monga mmene dziko lonse likumuonera lero, ndipo nthano za zithunzi za Shirato Sanpei zinafikitsa chithunzichi kwa ana. James Bond anachitengera kumaiko a azungu mu You Only Live Twice mu 1967, kenako panabwera Enter the Ninja mu 1981 ndi American Ninja mu 1985. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kachitsulo kowongoka sikaoneka bwino pakanema, pamene nyenyezi imazungulira, imang'anima, n'kukakamira pachipupa. Stephen Turnbull, amene mu 1991 analemba buku lovomereza zambiri mwa nthano za ninja, anabwereranso kuzolemba zakale, ndipo mu 2017 anatulutsa Ninja: Unmasking the Myth, m'mene akusonyeza kuti zambiri zimene timadziwa za ninja n'zopangidwa posachedwa. Timamupatsa ulemu chifukwa cha zimenezi.

Sitikudana ndi mafilimu, ndipo mwana woonera Naruto sakulakwa. Chimene chikutipweteka n'chakuti nthano yalowa m'malo mwa mbiri, ndipo munthu woleza mtima, womvetsera, wodziwa nyengo, mankhwala ndi mitima ya anthu wasandutsidwa chigawenga chopha mwakachetechete. Bodzali lakhalanso ndi zotsatira zooneka. Sewero la pawailesi yakanema la Onmitsu Kenshi litayamba kuonetsedwa ku Australia m'zaka za m'ma 1960, ana ankadula nyenyezi pazivundikiro za zitini n'kumaponyerana. Ku Britain, mafilimu a ninja atafika pachimake, boma linaletsa kupanga ndi kugulitsa shuriken mu 1988, ndipo ku England ndi ku Wales kuyambira 2021 ngakhale kuisunga m'nyumba ndi mlandu. Kachitsulo kameneka sikakanagwetsa msilikali wovala zankhondo, koma diso la mwana kangaliboole, ndipo kholo likaona mwana akukasula pachitini limulande.