Foda ya Documents ili ngati mawu akuti "kwathu"

Imani pa Ginnery Corner nthawi yoweruka kusukulu, mufunse ophunzira atatu kumene akupita. Onse ayankha kuti, "Kwathu." Koma wina akwera minibasi ya ku Ndirande, wina ya ku Bangwe, winayo ya ku Chilomoni. Mawu ndi amodzi, koma malo ndi atatu.

Kompyuta nayonso imachita chimodzimodzi. Pa Windows, adiresi yeniyeni ya foda yanu ya Documents imayamba ndi C:\Users, kenako dzina la akaunti yanu, kenako Documents. Mnzanu akalowa ndi akaunti yake n'kudina kachithunzi komweko, amafika kwina. Kompyuta imayang'ana kaye amene walowa, kenako n'kumuperekeza kwawo.

Muli ndi foni ya Android? Adiresi ya mafayilo anu imaoneka ngati /storage/emulated/0. Mawu akuti emulated amatanthauza chinthu chongoyerekezera, chifukwa mafayilo enieniwo amakhala ku /data/media/0. Ziro uja ndi nambala ya mwini foni. Pa foni imene imalola anthu angapo, wachiwiri nthawi zambiri amapatsidwa 10, ndipo zithunzi za mwini foni iyeyo sazipeza.

Linux imapitirira pamenepo. Lamulo la mount --bind limachititsa kuti foda imodzi izionekera pa adiresi ina. Kuyambira mu 2002, Linux ilinso ndi njira yotchedwa mount namespace, imene imalola kuti kusintha kotereku kuonekere kwa mapulogalamu ena okha. N'chifukwa chake ndi pam_namespace, aliyense angapatsidwe foda yakeyake ya /tmp, dzina lili lomwelo.

Ndiye mfundo yanga ndi iyi: ngati luso limeneli lili kale m'makompyuta, n'kulakwa kuti kalasi yonse izilowa pa akaunti imodzi m'labu ya pasukulu. Taganizirani mtsikana wa Fomu 4 amene watha milungu iwiri akukonza spreadsheet yoyeserera mayeso a MSCE. Lolemba akupeza kuti wina wa Fomu 2 wayifufuta pofuna malo oikapo nyimbo. Kaya mnyamata wina waikopera n'kusintha dzina lokha. Aphunzitsi adziwa bwanji mwini wake? Tikamagona m'chipinda chimodzi tonse 60, tisadabwe bulangete likasowa.

Aphunzitsi ena anganene kuti makompyuta ndi ochepa komanso akale, ana amaiwala pasiwedi, ndipo kutsegula maakaunti mazana ndi chintchito. Zoona, sitingakane. Koma akaunti siwononga ndalama, ndipo mafayilo a zolemba satenga malo ambiri ngati mavidiyo. Ngati makompyuta ndi olumikizana, sukulu ingasunge mafoda onse pa kompyuta imodzi yaikulu, aliyense n'kumaona foda yake ngati H: paliponse pamene wakhala. Ngati si olumikizana, wophunzira aliyense apatsidwe kompyuta imene azikhalapo nthawi zonse, akaunti yake ikhale momwemo. Ikakhala nkhani yoiwala pasiwedi, kodi labu si malo ophunzirirapo zimenezo? Mawa lino muzidzasunga PIN ya Mpamba kapena Airtel Money. Bola kuiwala lero, pamene chotayika ndi mphindi zisanu basi.

Koma chenjerani, anzanga. Kusintha dzina la njira si loko ayi. Chimene chimaletsa mnzanu kutsegula foda yanu ndi zilolezo zimene kompyuta imaika pa fayilo iliyonse, zonena amene angawerenge ndi amene angasinthe. Foda imene yangobisidwa popanda zilolezo, aliyense wodziwa adiresi yeniyeni amailemba n'kulowa. Komanso woyang'anira kompyuta, administrator uja, angathe kuona zonse. Choncho mukapita kukasindikiza fomu pa kashopu ka makompyuta ku Limbe, musaganize kuti Desktop imene mukuionayo ndi yanu. Kasitomala wotsatira aipeza mmene mwaisiyira, chithunzi cha chitupa chanu chili pompo. Fufutani, mukhuthulenso Recycle Bin musanadzuke.

Mukakalowanso m'labu, tsegulani Documents, mudine pa kamzere ka adiresi pamwamba, muwerenge dzina limene lili pambuyo pa Users. Likakhala lanu, muli kwanu. Likakhala la kalasi yonse, sungani kope pa fulashi, kenako mukawapemphe aphunzitsi mwaulemu kuti akutsegulireni akaunti yanuyanu.