Chitsime chidziwika kuya chikaphwa

Akuluakulu adati chitsime chidziwika kuya chikaphwa. Chitsime cha ife a mu Lilongwe ndi nkhalango ya Dzalanyama. Mtsinje wa Lilongwe umachokera kumeneko n'kudzaza madamu a Kamuzu, ndipo madzi amene timatunga pa mpopi ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 23 ndi omwewo. Nkhalango yomweyo ndi imene ikutsika m'matumba a makala m'bandakucha, pa njinga zolemedwa zodzera ku Chinsapo. Zinthu zidafika poipa moti mu 2015 boma lidatumiza asilikali kukalondera mitengo.

Nanga wogula makalawo ndani? Ndife, ndipo tikasonkhana ngati mpingo ndi pamene timagula ambiri. Pakakhala ukwati, maliro, msonkhano wa chitsitsimutso kapena phwando la kwaya, komiti ya zakudya imakhala pansi, msungichuma n'kufunsa funso limodzi lokha: "Thumba akupanga bwanji?" Zoti makalawo achokera kuti, palibe amafunsa. Chonsecho ndalamayo ndi ya chopereka, imene tidaipempherera Lamulungu.

Bambo wokankha njinga usiku wonse uja sindimuweruza, akusaka ya ufa ndi ya fizi. Amaotcha chifukwa akudziwa kuti kutauni alipo omudikira. Lamulo la nkhalango limene lidakhwimitsidwa mu 2020 lidaona zimenezi, n'chifukwa chake wopezeka ndi makala opanda chilolezo nayenso ali pa mlandu.

Ndiye pali majumbo. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, mu 2015. Makampani adathamangira ku khoti, koma mu 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti chiletsocho chipitirire, ndipo Gloria Majiga-Kamoto adalandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa chomenya nawo nkhondoyi. Koma tapitani kuseri kwa tchalitchi Loweruka madzulo ukwati ukatha. Amayi a chigwirizano, atatopa ndi kuphika tsiku lonse, akusesa majumbo, mabotolo ndi timbale totaya, kuunjika pafupi ndi mpanda n'kuyatsa. Utsi wake ana a m'nyumba zoyandikana ndiwo amaupuma. Zotsala mphepo imakaponya m'ngalande, ngalande n'kutsekeka. A ku Kawale ndi ku Biwi amene madzi adawalowera m'nyumba mu Januwale 2019 akudziwa zimene madzi amachita akasowa njira.

Ena adzati umphawi ndiwo ukuchititsa, magetsi amazimazima, gasi ndi wa opata. Pa banja limodzi zimenezo n'zoona, ndipo mayi wogula makala a m'kajumbo kuti ana adye nsima sindingamuloze chala. Koma mutu umodzi susenza denga. Mpingo umene udakwanitsa kugula malata, zokuzira mawu ndi kiyibodi sungalephere kugula mbale, makapu ndi masupuni otsuka, osunga m'kabati ya mpingo n'kumabwereketsa pa zochitika. Sungalephere silinda ya gasi, kapena mbaula za chitetezo zodya nkhuni zochepa. Makala ovomerezeka aliponso, monga a ku Kawandama Hills ku Viphya, ochokera ku mitengo yobzala. Ku Mgona makoko a mtedza amangounjikana, pomwe achinyamata a mumpingo angathe kuwaumba kukhala mabuliketi, mpingo n'kukhala kasitomala wawo woyamba.

Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adakumbutsa kuti kugula chinthu ndi nkhani ya chikumbumtima. Sizofunika kukhala Mkatolika kuti uvomereze. Abusa athu amalalikira za chilengedwe nyengo yobzala mitengo ikafika, timabzala mbande pang'ono, tijambulitsa, basi. Ine ndikupempha akulu a mpingo, atsogoleri a malimana ndi a milaga kuti nkhaniyi ilowe m'bajeti. Komiti ikadzakhalanso pansi, pa mzere wa makala alembepo dzina la wogulitsa ndi chilolezo chake, ndipo mzere wa majumbo aufufute.