Kodi pa Kalulu timaonera mpira kapena timasuzumira kuchipinda?

Ndinali pa bwalo la Kalulu ku Nchalo, dzuwa likuswa mtengo monga mwa nthawi zonse kuno ku Chigwa cha Shire, pamene mkulu wina anandiuza kuti timu yake itagula mnyamata wogonana ndi amuna anzake, iye angawotche jezi. Ndinamufunsa kuti nanga mnyamatayo atamwetsa zigoli ziwiri? Anangoti kukamwa yasa.

Ku America nkhaniyi anakangana nayo mu 2014 pamene timu ya St. Louis Rams inasankha Michael Sam, amene anali ataulula poyera za moyo wake. Ena ankati timuyo ikungofuna kutchuka. Itamuchotsa mpikisano usanayambe, ena anati ndi tsankho. Mkangano wabwino ndithu, chifukwa panalibe amene anaitana apolisi.

Kwathu kuno kutchuka n'kumene kumamangitsa. Mu December 2009 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe ku Blantyre. Ife atolankhani tinaika nkhaniyo patsamba loyamba, nyuzi zinayenda malonda, iwo n'kukagona m'chitokosi. Mu May 2010 khoti linawagamula zaka 14, ndipo Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon. Mu June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linati lamulo lomwe lija likhalebe. Tsono wosewera wa ku Ngabu kapena ku Bangula angayerekeze bwanji kutsegula pakamwa? Ndiye tizinamizana kuti m'matimu mwathu mulibe anthu otere?

Inu amene munabwerera kuchokera ku Lusaka, Harare ndi Dar es Salaam, mwaiwala kale kodi? Mu 1967 boma la chipani chimodzi linaletsa a Mboni za Yehova, anthu n'kumaomba m'manja pamene anzawo ankawotcheredwa nyumba chifukwa chokana khadi. Nthawi imeneyonso ankati akuteteza mwambo wathu. Pa 14 June 1993 tinavotera nyali, ndipo sindikumbuka kuti pakhomo la chisankho panaima munthu wofunsa amene timagona naye.

Abusa alalikire zimene amakhulupirira, ndi ufulu wawo. Koma mphunzitsi wa timu ntchito yake n'kuona ngati mwana akuthamanga mphindi 90 m'kutentha kwa Nchalo. Mkulu uja sanawotche jezi pamene timu yake inkalephera kulipira anyamata ake.