Dandaulo la ife a pakauntala ndi kukhitchini

Kwa eni masitolo ndi malo odyera, kwa makasitomala athu, ndi kwa onse amene ali ndi udindo woyang'anira za apantchito m'dziko muno.

Amene tikulankhulafe ndife aja mumakumana nawo tsiku ndi tsiku koma simuwadziwa maina: makashiya a m'masupamaketi, oyala katundu pamashelefu, anyamata osenza simenti ndi malata m'mahadiweya a ku Limbe ndi ku Malangalanga, operekera zakudya m'malesitilanti, ophika ndi otsuka mbale kukhitchini. Takhala chete nthawi yaitali poopa kuchotsedwa ntchito, mpaka ena ayamba kuganiza kuti zonse zili bwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tamva ndife, choncho tiloleni tilankhule.

Tiyambe ndi shoti, pakuti ndi imene imasowetsa tulo kashiya aliyense. Madzulo tikatseka, supavaiza amawerenga ndalama za m'dirowa n'kuyerekeza ndi zimene makina alemba. Zikaperewera, mlandu watha pomwepo: "Tidula pamalipiro." Palibe amene amafunsa kuti zaperewera bwanji. Chonsecho shoti imabwera m'njira zambiri. Mtengo wa pashelefu umasiyana ndi wa m'makina, kasitomala n'kukakamira wa pashelefu, manijala n'kuti mupatseni. Dirowa imodzi timagwirapo anthu awiri kapena atatu posinthana. Wina amalipira pafoni, n'kukuonetsa uthenga, koma ndalama osafika. Ndalama yachinyengo imalowa pa mzere wautali, pamalo pamene sanatigulire n'komwe chounikira ndalama. Zonsezi zimagwera kashiya. Koma tsiku limene ndalama zapitirira, zotsalazo n'za kampani.

Kumalo odyera n'chimodzimodzi. Kasitomala akadya n'kuzemba osalipira, bilu yake amalipira ndi amene anamuperekera chakudya. Mbale ikasweka pansi poterera pamene takhala tikudandaula kuti pakonzedwe, adula. Chakudya chikabwezedwa, adula. Akawerengera katundu pakutha kwa mwezi n'kupeza kuti makatoni ena sakuoneka, mtengo wake amaugawa kwa tonse, ngakhale amene sagwirako makiyi a kusitoko. Ife sitikana kulipira chimene munthu wawononga mwa kusasamala kwake, bola chifufuzidwe ndipo mwiniwake amvedwe. Chimene tikukana ndi kusandutsa malipiro athu thumba lotsekera chilichonse chimene bizinesi yataya. Lamulo la Employment Act la 2000 limaletsa bwana kulipitsa wantchito chindapusa, ndipo limati aliyense azilandira pepala losonyeza malipiro ake ndi zonse zimene zadulidwa. Ambiri mwa ife pepala limenelo sitinalionepo. Timangolandira ndalama m'manja, n'kusaina m'kope.

Za nthawi yogwira ntchito, lamulo lomwelo limanena momveka: maola 48 pa sabata. Opitirira pamenepo ndi ovataimu, yolipidwa kamodzi ndi theka pa tsiku wamba, ndiponso kawiri pa tsiku lopuma kapena la holide. Wogwira masiku 6 pa sabata ayenera kupatsidwa tchuthi cha masiku 18 pachaka. Koma ife timafika sitolo isanatsekule kuti tisese, tikolope ndi kuyala katundu, ndipo chitseko chikatsekedwa timatsalira kuwerenga ndalama, kutsitsa katundu wa mulole yofika mochedwa, kapena kukwecha mapoto. Maola amenewa salembedwa paliponse. Mwezi wa Disembala, malonda akafika pachimake, tsiku lopuma limachotsedwa, n'kutiuza kuti tidzapuma Januwale. Januwale akafika, amati malonda avuta, ena aime kaye.

Tsiku lonse timakhala chiimire. M'masitolo ambiri kashiya saloledwa mpando, ati amaoneka waulesi. Pofika madzulo miyendo yatupa, msana wauma. Kupita kuchimbudzi mpaka kupempha chilolezo, ndipo mzere ukakhala wautali amati dikira. Kukhitchini kuli kutentha, utsi wa makala ndi mafuta otentha amene amatithovukira m'manja. Wapsa kapena wadzicheka, amamuuza amange kansanza apitirize, pamene lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 lilipo kuti wovulala pantchito athandizidwe. Tikaweruka usiku, minibasi zatha, ndipo akabaza akweza mtengo. Wina ayende pansi mpaka ku Bangwe kapena ku Mbayani, wina ku Mtandire kapena ku Area 36, wina ku Mchengautuba. Anzathu ambiri alandidwa mafoni ndi ndalama m'njira zimenezi, ena avulazidwa, koma mawa lake akachedwa pang'ono amalembedwa kuti ajomba.

Nanga malipiro ake? Mu 2021 malipiro otsikitsitsa anali K50,000 pamwezi. Mu Febuluwale 2024 boma linawakweza kufika K90,000, ndipo mu 2025 anafika K126,000. M'zaka zomwezi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kukwera kwa zinthu ife sitikumvera pawailesi: ndife amene timamatula mitengo yakale pamashelefu n'kumata yatsopano. Bungwe la Centre for Social Concern limawerengera ndalama zimene banja la m'tauni limafunika pamwezi kuti lipeze zofunikira, ndipo zimene limapeza zimaposa malipiro amenewa kangapo. Komanso alipo eni masitolo ang'onoang'ono ndi malesitilanti amene ngakhale malipiro otsikitsitsawo safikapo. Ukafunsa, yankho ndi lija tonse taliloweza: "Ngati sukufuna, panjapo pali anthu ambiri akufuna ntchito." Ukachotsa lendi ndi thiransipoti, yotsala sifika pakati pa mwezi. N'chifukwa chake ambiri tili m'manja mwa akatapila, ndipo makadi athu a kubanki amagona kwa iwo. Tsiku lonse timalongedza mafuta ophikira, shuga ndi nkhuku zimene kwathu sizifika. Wophika chambo masana amakadyera bonya madzulo, ndipo zotsala za m'khitchini akati atengere ana amatchedwa wakuba, pamene zikupita kudzala.

Palinso nkhani ya uganyu wosatha. Munthu wagwira pamalo pamodzi zaka zambiri, koma akadali "wongogwirizira". Kontirakiti ya miyezi itatu ikatha amamupumitsa masiku ochepa, n'kumulembanso ngati watsopano, cholinga asadzafunse tchuthi, penshoni kapena ndalama yopatsidwa pochotsedwa ntchito. Chiyambire 2011 lamulo limati bwana aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ku thumba la penshoni. Ena mwa ife amatidula gawo lathulo mwezi ndi mwezi, koma tikakafufuza timapeza kuti ndalamazo sizinatumizidwe. Lamulo la Employment Act lija limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Ife timachotsedwa ndi mawu atatu pakhomo: "Mawa usabwere, wamva?" Limatinso mayi apatsidwe tchuthi cha uchembere cha masabata 8 akulandira malipiro onse. Alongo athu ambiri amabisa pathupi ndi yunifomu yaikulu, chifukwa amadziwa kuti pakangodziwika, dzina lawo lichoka pa ndandanda wa mashifiti.

Chimene chimatiwawa koposa ndalama ndi kunyozeka. Potuluka amatisecha thupi lonse, zikwama kukhutulidwa pansi, nthawi zina makasitomala akuona. Bambo wa zidzukulu amaitanidwa kuti "iwe" ndi mwana amene akanatha kumubereka. Ena amatiitana ndi likhweru kapena kuliza zala. Ukalakwitsa pang'ono, bwana amakukalipira pakati pa sitolo kuti aliyense amve. Atsikana operekera zakudya ndiwo amaona zokhoma: kugwidwa dzanja, kusisitidwa podutsa, kuumirizidwa nambala ya foni. Akakanena, manijala amati, "Ingosekani nawo, amenewo ndi kasitomala wathu wamkulu." Pena wovutitsayo ndi manijala yemweyo, amene ali ndi mphamvu yogawa mashifiti. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati khalidwe lotere ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi K1 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 19, amati ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa, ndipo pa gawo 31 amalonjeza aliyense ntchito yachilungamo, yotetezeka ndi malipiro oyenera. Palibe pamene analemba kuti wovala epuloni achotsedwepo.

Tsopano kwa inu makasitomala athu, amayi ndi abambo. Madandaulo anu timawamva: akuti ndife ochedwa, a nkhope zokwinya, osadziwa kulandira alendo. Muli ndi ufulu wolandiridwa bwino, pakuti ndalama yanu munaivutikira. Tikungopempha kuti muzionako kumene vuto lachokera. Pamene shuga anasowa mu 2024, ndife amene tinauzidwa kuti tizigulitsa mapaketi ochepa kwa munthu aliyense, ndipo ndife amene tinatukwanidwa kuti tikubisa shuga kuseri. Khoti lalikulu la apilo litavomereza mu 2019 kuletsedwa kwa mapulasitiki opyapyala, amene anakalipiridwa chifukwa chosowa jumbo ndi kashiya. Netiweki ikavuta ndipo makina a khadi akakana, magetsi akazima chakudya n'kuchedwa, makina olipirira asanu akakhala ndi anthu awiri okha chifukwa bwana sakufuna kulemba ena, nkhope imene mumaiona ndi yathu, ndiye mkwiyo wonse umathera pa ife. Chikwangwani chija chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa sitinalembe ndife. Ngati mwagula chinthu chowonongeka, funsani manijala, ndipo akakana pitani ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe limene linakhazikitsidwa kuti liziteteza ogula. Kumeneko dandaulo lanu lingasinthe kanthu. Kulalatira mtsikana wa pakauntala sikusintha mtengo, kumangomuchotsera ulemu, ndipo kawirikawiri kumamuchotsetsa ntchito. Moni wanu ndi "zikomo" wanu timaziona, ndipo amene mumatilemekeza timakudziwani ndi kukuthokozani.

Kwa inu mabwana athu, sitikufuna kuti bizinesi zanu zigwe, pakuti zikagwa tigwa nazo. Tikudziwa kuti ndalama zakunja zikuvuta, katundu akukwera, ndipo mafuta a jenereta akudya phindu. Dziwaninso kuti alipo eni masitolo ndi malo odyera amene amalipira ovataimu, amapereka galimoto usiku, ndipo antchito awo amakhalitsa. Bizinesi zawo sizinagwe. Mumatiphunzitsa kuti kasitomala ndi mfumu ndipo tizimumwetulira. Munthu amene wadulidwa theka la malipiro, sanadye masana, ndipo wangotukwanidwa kumene, kumwetulira akutenge kuti? Ngati mukufuna makasitomala azilandiridwa bwino, yambani ndi amene akuwalandira.

Zimene tikupempha n'zochepa, ndipo zambiri zili kale m'malamulo. Aliyense apatsidwe kalata ya ntchito ndi pepala la malipiro. Shoti isadulidwe isanafufuzidwe, ndipo kashiya aliyense akhale ndi dirowa yakeyake. Maola alembedwe kuyambira pamene tafika mpaka pamene tatuluka, ovataimu ilipidwe. Oweruka usiku aperekezedwe pagalimoto. Pakauntala pakhale mpando, ndipo nthawi ya nkhomaliro ilemekezedwe. Kusecha kuchitikire pamalo pobisika, mkazi asechedwe ndi mkazi mnzake. Ndalama za penshoni zifike kumene ziyenera kupita. Pakhale munthu wina, osati manijala yekha, wolandira madandaulo a ozunzidwa. Oyendera malo a ntchito tikuwapempha kuti azifika mosadziwitsa, azilankhula nafe patokha bwana palibe, ndipo azifikanso m'mashopu ang'onoang'ono ndi m'malesitilanti a m'misika, kumene mavuto ndi aakulu kwambiri.

Pomaliza, kwa inu anzathu a ntchito imodzi. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limatipatsa ufulu wolowa m'bungwe la apantchito, ndipo bwana saloledwa kuchotsa munthu pa chifukwa chimenechi. Mabungwe alipo, monga Commercial, Industrial and Allied Workers Union, pansi pa Malawi Congress of Trade Unions. Maofesi a zantchito ali m'maboma, ndipo khoti la Industrial Relations Court limamva milandu yathu ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Koma kulikonse kumene tingapite adzatifunsa umboni. Choncho gulani kakope, lembani tsiku lililonse nthawi yofika ndi yoweruka, lembani ndalama iliyonse imene mwadulidwa ndi chifukwa chake, sungani pepala lililonse limene mwasainitsidwa, ndipo musasaine chimene simunawerenge. Mnzanu akaitanidwa ku ofesi, mupite naye. Wodandaula yekha amachotsedwa tsiku lomwelo, koma sitolo yonse ikalankhula pamodzi, bwana amakoka mpando n'kumvetsera.